Lukina Wosayeza

Kwathu kuno ku Chiradzulu ng'ombe yamkaka siyenda. Ikayenda kuti? Munda wa uyu wagundana ndi wa uyo, pakati pangotsala kanjira kodutsa njinga. Ng'ombe imakhala m'khola tsiku lonse, woyenda ndi mwini wake: kukamweta udzu kudambo, kukathyola lukina m'malire a munda, kusenza mapesi, kutunga madzi. Ikalira, mudzi wonse umamva, ndipo aliyense amadziwa kuti ikulirayo ndi ya kwa yani. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anthu sakunena poyera. Amangokugwira dzanja n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi kunyumba kuli bwinobwino?" Iwe umadziwiratu kuti sakufunsa za ana. Ine ndinakulira m'manyazi amenewo. Malemu bambo anga ankasiya chakudya m'mbale ng'ombe ikangoyamba kulira, n'kutenga chikwakwa, ngakhale mvula ikugwa.

Ndayambira pamenepa kuti mumvetse zimene ndinakachita ku Joni. Sikuti ndikudziikira kumbuyo ayi.

Ndinachoka mwana wathu wotsiriza, Tadala, akadali kumsana. Ganyu wosenza udzu amene ndinkagwira ku Mikolongwe anali atatha, ng'ombe yathu imodzi itafa ndi matenda a nkhupakupa, ndipo pakhomo panalibe chogwira. Mkazi wanga Esinati anandiperekeza mpaka pamsewu wa ku Limbe. Iye si wolira pagulu. Minibasi itaima anangoti, "Mukakwatira kumeneko mudzatiuze, tisamangoyang'ana kumsewu." Ndinaseka, n'kukwera.

Za ulendo sindinena zambiri: kutentha kwa ku Tete, miyendo kutupa m'basi, kuima pamzere m'malire atatu. Miyezi yoyamba ndinkasesa pabwalo pa mmwenye wina ku Debeni. Kenako mnzanga anandipezera malo pafamu ya ng'ombe, kudera la nzimbe, ndipo manja anga anabwerera pantchito imene ankaidziwa. Ndinakhalapo zaka, ndikumatumiza kangachepe kumudzi kudzera kwa anyamata a mabasi. Kumeneko ndi kumene anandionera mzungu wina wamtali amene anabwera kudzagula ng'ombe. Panali ina yokana kukwera lole, anthu anayi akuikoka ndi kuimenya. Ndinawauza kuti aisiye. Ndinaikanda m'khosi, ndikuyankhula nayo Chinyanja, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka inakwera yokha. Patatha sabata mzunguyo anabweranso, osati kudzagula ng'ombe koma kudzanditenga ine. Anandikonzera mapepala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayenda mumsewu osanjenjemera ndikaona galimoto ya apolisi.

Famu imene ankayang'anira bwanayo inali yochitirapo kafukufuku. Antchito tinkagona m'nyumba yaitali kuseri kwa makola, zipinda zinayi, bafa limodzi. Ine anandiika ndi a Fernando, bambo wachikulire wa ku Milanje, kutsidya kwa malire a kwathu. Nditawauza kuti agogo anga anachokera komweko kalekale, anandiyankhula Chilomwe chothamanga, ine n'kungotolapo mawu awiri. Anapukusa mutu. "Mlomwe wa dzina lokha iwe." Kuyambira tsiku limenelo tinkaphika mphika umodzi, ndipo Loweruka lililonse tinkakangana za kumene kalongonda amakoma, kwawo kapena kwathu, chonsecho tonse tinali titatha zaka osamulawa.

Tsiku loyamba ndinawafunsa ntchito yeniyeni ya pamalopo.

"Kuno timayeza kugeya kwa ng'ombe," anatero a Fernando.

"Achimwene, ndafunsa bwinobwino."

"Nanenso ndayankha bwinobwino. Mawa ukaona."

Ndinakaonadi. Panali zipinda zinayi zotseka ngati makontena, zokhala ndi mawindo agalasi ndi mapaipi pamwamba. Ng'ombe inkalowa m'menemo masiku awiri, ikudya, ikugona, ikukamidwa momwemo, ndipo makina ankakoka mpweya wonse wotuluka m'chipindamo n'kumauwerenga.

Amene anandifotokozera ndi a Akinyi, mayi wa ku Kenya, wamfupi, woyenda ngati wachedwa basi. Ndiwo ankayendetsa kafukufukuyo. Chizungu changa chinali chothyokathyoka, choncho ankayankhula pang'onopang'ono, akuloza ndi dzanja. Anati ng'ombe ikamabzikula imageya mpweya wina wotchedwa metheni, umene ukachuluka kumwamba umasunga kutentha n'kusokoneza nyengo.

"Kwanu mvula ikubwera m'nthawi yake?" anandifunsa.

Ndinati ayi, masiku ano imachita zofuna zake, ikachedwa imabwera ndi ukali.

Anati zifukwa zake n'zambiri, utsi wa mafakitale ndi magalimoto ndiye chachikulu, koma ng'ombe nazo zili ndi gawo lake. Ndiye anthu a mayiko angapo anagwirizana kuyesa ufa wina wofiirira, wopangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja yamchere, kuti aone ngati ukasakanizidwa m'chakudya cha ng'ombe umachepetsa mpweyawo. Ku Kenya ankayesa, ku Brazil ankayesa, ku Holland ankayesa, ufa womwewo, muyezo womwewo, kuti pomaliza adzaike zotsatira zonse pamodzi. Ife tinali famu imodzi mwa mafamu amenewo.

Ndinkawatchula kuti a Dokotala, iwo n'kumakana. "Sindinafike. Ntchito iyi ikatha bwino, ndiye mudzanditchule." Tsiku lina tikudikira kuti ng'ombe imalize kukamidwa anandionetsa chithunzi pafoni: kamtsikana ka zaka zisanu, kopanda mano awiri akutsogolo. Anakasiya kwa amayi awo kumudzi.

"Chaka chamawa ayamba sukulu," anatero. "Ndinamulonjeza kuti tsiku loyamba womuperekeza ndine. Kafukufukuyu akatha pa Khirisimasi, basi, ndikupita."

Ine ndinatulutsa kachithunzi ka Tadala kamene ndinkasunga m'pasipoti, kojambulidwa ali khanda. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera ndi manja awiri.

Lamulo la pamalopo linali limodzi, ndipo ankalinena tsiku ndi tsiku: chilichonse cholowa m'kamwa mwa ng'ombe chiyezedwe pasikelo n'kulembedwa. Chotsala m'chodyera, chiyezedwe. Mkaka, ndowe, madzi, zonse pasikelo. Ng'ombe zinali m'magulu awiri. Za ndolo zachikasu zinkadya chakudya chothira ufa uja, za ndolo zobiriwira chopanda ufa.

Ufawo unkanunkha ngati pogulitsira nsomba ku Limbe mvula itagwa. Ng'ombe zachikasu zinkadya mokakamizika, n'kusiya theka. Koma panali imodzi, yamawanga, ya nyanga yothyoka, imene mapepala ankaitchula ndi nambala, ine n'kumaitchula Nambewe, dzina la azakhali anga amene nawonso akakwiya ankafulatira mbale. Nambewe ankanunkhiza chakudya, n'kutembenuka, n'kuyamba kulira. Kulira kwake kunali kwa masana onse, kosapumira, kochokera pansi pamimba.

Ndinapita kwa a Akinyi. "Mayi, ng'ombe iyi ili ndi njala."

"Ndikudziwa," anatero. "Koma kukana kwakeko nakonso ndi yankho. Tiyeze chimene yasiya, tilembe."

Ndinati chabwino, koma mumtima ndinakwiya. Ndinati awa ndiye anthu ophunzira: chiweto chikulira, iwo akufuna cholembera. Masiku atatu ndinapirira. Ndinkakolopa khola mutu uli pansi ngati anthu a kutchalitchi kwathu aima kumpanda akundiyang'ana.

Kuseri kwa waya, m'mbali mwa kamtsinje, kunamera lukina wambiri. Kumeneko amamuyesa thengo, amangomutchetcha n'kumutentha. Tsiku lachinayi, nthawi ya chakudya chamasana akuluakulu onse atapita, ndinadutsa pawaya, ndinathyola masamba n'kuwalonga pachifuwa cha ovolosi. Nambewe anawanunkhiza kamodzi kokha. Anadya, anandinyambita dzanja, anakhala chete. Kenako anatembenukira kuchodyera n'kuyamba kudya chakudya cha ufa chija, mpaka kuchimaliza.

Ndinene zoona: sindinaone ngati ndathyola lamulo. M'mutu mwanga chakudya chinali chija choyeza pasikelo. Lukina anali wongotsegulira kukhosi, ngati kamchere. Kwathu ndani anayezapo masamba othyola m'malire? Ndipo ndinkaona ngati ndikuwathandiza a Akinyi, chifukwa ufa wawo tsopano unkadyedwa wonse.

Zinzake zachikasu zitaona, nazo zinayamba kutambasula makosi n'kumalira ndikamadutsa. Kupatsa imodzi n'kumana yoyandikana nayo, ine sindingathe. Mapeto ake zonse zachikasu zinkalandira. Zobiriwira sizinkalira, ndiye sizinkalandira kanthu. Ngakhale imene ili m'chipinda choyezera, ndikatsegula chitseko m'mawa kuti ndichotse ndowe ndinkasiyamo kamtolo, ndipo pofika akuluakulu kanali katatha.

A Fernando anandipeza ndikutuluka pawaya, chifuwa chili tumbi.

"Mwana wa kwathu, ukuchita chiyani?"

"Ndikutontholetsa ng'ombe."

Anayang'ana kumwamba. "Ine maso anga ndi okalamba. Sindinaone kanthu."

Zinayenda choncho pafupifupi miyezi iwiri. M'makola munali bata, ine ndikudya chakudya changa chamasana ndi mtima pansi.

Lolemba lina a Akinyi anabwera kumakola atanyamula mabanzi ndi zakumwa za antchito tonse, nkhope ikuwala. Anati zotsatira zatuluka. Ng'ombe zathu zachikasu zinachepetsa mpweya uja kuposa za m'mayiko ena onse, ndipo pamene kwina ng'ombe zinkasiya chakudya n'kutsitsa mkaka, zathu zinkadya bwino, mkaka osatsika. Anzawo akunja, pamsonkhano wa pakompyuta, anawafunsa kuti kodi mukuchita chiyani chosiyana ndi ife.

"Ndawauza kuti ife tili ndi munthu wodziwa kusamala ng'ombe," anatero, akuloza ine. Anzanga anawomba m'manja. Anatinso Lachisanu atumiza zonse kuti zikaphatikizidwe ndi za mayiko ena, ndipo tikiti yopitira kwawo agula kale.

Anthu atabalalika ndinawafunsa ngati ndikungocheza. "Kodi masamba a mitengo angasinthe mpweya umenewu?"

"Kwambiri," anatero. "Ena, monga lukina, anzathu a ku Brazil akuwayesa paokha. N'chifukwa chake pano sitilola china chilichonse. Zikasakanikirana, sungadziwe chimene chagwira ntchito."

Ndinati zikomo, n'kupita kukakolopa khola limene ndinali nditakolopa kale.

Madzulo ake tikusenda anyezi ndinawauza a Fernando kuti ndikufuna kukaulula. Anaika mpeni pansi.

"Khala pansi, ndikuwerengere. Ukanena, ntchito yako yatha, mapepala ako atha, wabwerera kosesa kwa mmwenye. Mayiyo ntchito yake yagwa, kwawo sapita. Waphatu anthu awiri. Ukapanda kunena, wapha yani? Masamba anadyedwa, mpweya unakwera kumwamba. Akaufunsa ndani?"

A Fernando sanali munthu woipa. Anali ndi ana asanu ndi awiri ku Milanje, ndipo anaona anthu ambiri akuchotsedwa ntchito pa zinthu zochepa kuposa izi.

Lachiwiri sindinakaulule. Lukina sindinathyole, ndipo Nambewe analira. Lachitatu a Akinyi anandiimika pambali pa ng'ombe yomweyo kuti andijambule chithunzi chokaonetsa anzawo. Akukonza foni anati chaka chamawa a ku Holland abwera kudzabwereza kafukufukuyu paokha, kuti aone ngati zingatulukenso chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinaona bwinobwino. Sizidzatulukanso chimodzimodzi. Adzafufuza, ndipo pansi pa mapepalawo sipadzakhala dzina langa kapena la Nambewe. Padzakhala la mayi ameneyu, ndipo anthu a mayiko onsewo adzati ananama.

Ndinachita mantha. Ndinamuimbira Esinati, ndikumufotokozera zonse mozungulira, monga ndimachitira ndikalakwa.

"Ndiye mukundifunsa chiyani?" anatero. "Munaba?"

"Iyayi."

"Munanama?"

"Sindinanenepo kanthu kwa aliyense."

"Ndiye kuti mukunama mpaka pano." Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwake. "Zonsezi chifukwa cha ng'ombe ya eni ake. Inu ndi malemu bambo anu n'chimodzimodzi. Akakuchotsani mubwere, udzu womweta ulipo."

Lachinayi m'mawa ndinathyola nthambi imodzi ya lukina n'kupita nayo posungira chakudya cha ng'ombe, kumene a Akinyi ankayeza matumba. Ndinaiika pasikelo. Chizungu chonse chimene ndinakonza panjira chinathawa, ndinangoti, "Mayi, ndakhala ndikuzipatsa izi."

Anayang'ana nthambiyo, kenako ine.

"Ng'ombe ziti?"

"Zachikasu."

"Zingati?"

"Zonse."

"Kuyambira liti?"

Ndinawauza. Anatseka maso, milomo ikuyenda, akuwerenga masabata. Kenako anatsegula maso mwachangu, ngati wakumbukira khomo lina lotulukira.

"Munkayeza? Ngati munkayeza, ngakhale munkalemba pakhoma ndi khala, mwina china chipulumuka."

"Sindinkayeza."

"Chabwino, manja angati pa ng'ombe imodzi? Awiri? Atatu? Tsiku lililonse chimodzimodzi?"

"Ndinkapatsa mpaka italeka kulira."

Anakhala pansi pathumba la chakudya. Sanakalipe. Mpaka lero ndimalakalaka akanakalipa, akananditukwana m'chiyankhulo cha kwawo, ndikanapepukidwa.

"Ndinakuuzanitu," anatero, mawu ali pansi.

"Munandiuza."

"Nanga bwanji?"

"Inkalira, mayi."

Kenako anati, "Pitani mukakame, nthawi yakwana."

Masana ake ndinalonga chikwama. A Fernando anakhala pabedi lawo akundiyang'ana, osanena kuti ndinakuuza. Kenako ndinaitanidwa kuofesi. Bwana wamtali uja anali atafiira mpaka m'makutu, ndipo mawu oyamba amene ndinamva bwinobwino anali akuti ndichoke tsiku lomwelo. A Akinyi anamudikira kuti amalize. Kenako anati iwo anandipatsa lamulo koma sanandiuze chifukwa chake, ndipo kulakwa kumeneko n'kwawo. Anatinso ngati kafukufuku abwerezedwe, palibe wina pafamupo wotha kulowetsa ng'ombe m'zipinda zija popanda kuimenya, ndipo ng'ombe yomenyedwa siyezeka bwino. Ankayankhula osandiyang'ana. Bwana anamenya tebulo kamodzi, n'kunena kuti ndibwerere kumakola.

Kalata yopita kwa anzawo a mayiko ena a Akinyi analemba okha, yonena kuti zotsatira zathu zichotsedwe. Ena anapitirira, ife tinabwerera poyambira. Ndipo kubwerera poyambira si kudzuka mawa n'kuyambanso. Panafunika ng'ombe zongobereka kumene, zonse nthawi imodzi, ndipo zimenezo zinkayembekezeka chaka chikangoyamba, sabata yomweyo imene sukulu zimatsegulidwa kwawo. Kafukufuku akayamba, mwini wake sachokapo. Tikiti ija anaibweza.

A Fernando, osauza munthu, anatenga chikwanje Loweruka n'kukagwetsa lukina yense wa kumtsinje. Pobwera, thukuta lili kamukamu, anati, "Si kuti sindikukukhulupirira. Ndikungodziwa kwanu."

Ulendo wachiwiriwo ndiyo ntchito yolemera kuposa zonse zimene ndinagwirapo ku Joni, chonsecho sindinkasenza kanthu. Ng'ombe zachikasu zinkalira, ine nditaima pakhomo la khola manja ali m'thumba. Nthawi ikakwana ndinkawola chakudya chotsala, n'kuchiika pasikelo, n'kutchula nambala. Nambewe sanalinso m'kafukufuku, anali kubusa ndi zinzake, koma panapezeka ina yolira kuposa iye. Masiku ena ndinkapita kukaima kumbuyo kwa jenereta kuti phokoso lake litseke makutu.

Tsiku lina m'mawa tikuyeza ndowe, foni ya a Akinyi inalira. Anavula magolovesi n'kuyang'ana. Kenako ananditembenuzira foniyo. Kamtsikana kaja kanali mu yunifomu yaikulu kuposa msinkhu wake, chikwama kumsana, katagwira dzanja la agogo ake pageti la sukulu. Sikankamwetulira. Sanandionetse mondinyoza ayi, ndikudziwa zimenezo. Pafamu yonseyo panalibe wina amene akanamuonetsa.

"Wakula," ndinatero.

"Wakula," anavomera. Anaika foni m'thumba n'kuvalanso magolovesi. "Werengani sikelo."

Ndinawerenga, n'kulakwitsa kawiri, chifukwa manambala ankasambira m'maso mwanga.

Nkhani ya lukina sanaitchulenso, ngakhale kamodzi. Tinagwira ntchito limodzi miyezi yonseyo mwamtendere, moni m'mawa, moni madzulo, nthawi zina n'kuseka. Zotsatira zachiwiri zitatuluka zinali zofanana ndi za mayiko ena: ufa unkachepetsadi mpweya, koma ng'ombe zinkadya pang'ono. Panalibe mabanzi tsiku limenelo, ndipo palibe amene anafunsa kuti tikuchita chiyani chosiyana.

Ntchito ya kumakola itatha, mapepala anga nawo anatha. A Akinyi anali akadali ndi miyezi ingapo yoyeza zina m'chipinda cha makina ndi kulemba. Choncho wolakwa ndi amene anayamba kupita kwawo. A Akinyi ananditengera pagalimoto ya famu mpaka pokwerera basi. A Fernando anakana kubwera, akuti sakonda kuona misana ya anthu. Ndikutsitsa katundu ndinati, "Mayi, pepani."

"Munanena kale," anatero. "Pitani. Mukamupatse moni Tadala."

Nditsike pa Mikolongwe, ndinasochera pakhomo panga pomwe. Nyumba inali ya malata, yoyang'ana kwina. M'khola munali ng'ombe ziwiri, yoyamba Esinati anailandira kugulu la alimi a mkaka, yachiwiri ndi mwana wake. Esinati tsopano ankapalasa njinga yekha ndi chigubu kupita kosonkhetsera mkaka, ndipo anthu ankabwera kudzamufunsa nzeru iyeyo, ine ndili pomwepo. Nditakhala pansi kuti ndikame, Esinati anaima kumbuyo kwanga pang'ono n'kunena kuti, "Imeneyo siifuna kuyambira kumanzere." Mwana wathu woyamba anali atandipitirira msinkhu, akuyankhula ndi mawu a bambo anga. Zonsezi ndinazilandira. Ndinkayembekezera kale kuti ndikapeza zinthu zitasintha.

Masana ndinakhala pakhonde. Kunatulukira kamtsikana kovala yunifomu, mapazi ali mbuu ndi fumbi, kope lili m'jumbo. Kataona mlendo kanaima, kanagwada patali, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

"Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya iwe, Tadala?"

Atamva mawu anga anakweza mutu. Anayang'ana amayi ake amene anali pakhomo la khitchini.

"Amayi, awa ndi aja a mufoni?"

"Awa ndi abambo ako," anatero Esinati.

Tadala anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Anati, "Zikomo," n'kulowa m'nyumba kukavula yunifomu.

Ndinakhala pakhonde paja mpaka dzuwa linapendeka. Zaka zimene ndinatha kutali ndi mwana uyu ndinazisankha ndekha, ndipo ndikhoza kuloza malata ndi khola n'kunena kuti zinapita apa. Koma chaka chimene a Akinyi anatha kutali ndi wawo sanachisankhe. Ndinawalanda ine, ndipo pamene ndinkawapepesa pokwerera basi paja ndinali ndisanadziwe kukula kwake kwa chimene ndikupepesacho. Ndinadzadziwira pakhonde panga.

M'mawa mwake ndinadzuka msanga, ndinasamba, ndinavala malaya abwino. Tadala atatuluka ndi jumbo lake anandipeza ndaima pabwalo.

"Lero ndikuperekeze kusukulu," ndinatero.

Anayang'ana amayi ake, kenako ine. Sanafune kundikhumudwitsa, ndinaona.

"Zikomo," anatero. "Njira ndimaidziwa."

Ndinaima pomwepo mpaka anakhota pamtengo wa mango.